Mpango wa a Jafali

Fumbi la thonje likangondilowa m'mphuno, ndimaona agogo anga aamuna, a Sumaili, ataima pa sikelo, unyolo wake ukulira, thukuta likutsika m'ndevu zawo, alimi atandanda ndi mitolo yawo padzuwa kuyambira pakhomo la shedi mpaka pansi pa mtengo wa mango. Ntchito yawo inali kuyeza thonje ndi kunena ngati ndi loyera kapena lothimbirira, ndipo mawu awowo ndiwo ankadula mtengo.

Lamulo la kampani linkaletsa woyeza kulandira kanthu kwa mlimi. Anzawo ankalizemba, koma agogo nyengo ya msika ikafika, ngakhale thobwa la kwa mnansi sankamwa. "Dzanja lolandira nkhuku limalemera pa sikelo," ankatero.

Ine ndinali ndi zaka ngati khumi, ndipo ndinkakhala nawo chimwalirireni amayi. Tsiku lina ndikusinja mpunga kunabwera a Jafali, mlimi wa ku Maganga.

"Odi! Agogo ako alipo, Asiyatu?"

"Apita ku mzikiti."

"Palibe kanthu. Tenga aka. Ndi kako, si ka agogo ako ayi."

Unali mpango wofiira wa maluwa achikasu, ukununkhirabe sitolo, ndipo ine chibadwire ndinali ndisanavalepo chinthu chatsopano. Lamulo lija ndinkalidziwa bwinobwino. Ndinagwada, n'kulandira ndi manja awiri. Agogo atafunsa, ndinati andipatsa ndi azakhali.

Patapita masiku atatu a Jafali anabweretsa thonje lawo, agogo n'kuliika m'gulu la loyera, chifukwa linalidi loyera. Masana omwewo ndinawapititsira agogo chakudya kumsika wa thonje, mpango uli kumutu. Mayi wina amene thonje lake linagwa mtengo anandiloza chala.

"Si mpango uja anagula a Jafali ine ndikuona? Ndiye n'chifukwa chake lawo layera!"

Mzere wonse unayamba kusokosa. Kapitawo anaitana agogo pamaso pa anthu.

"A Sumaili, mpango uwu unalowa m'nyumba mwanu?"

Agogo anandiyang'ana kamodzi kokha. Ndinkayembekeza kuti anena kuti mwanayu anandinamiza, ndipo ine ndikanatha kuulula, koma ndinangoyang'ana pansi.

"Unalowa," anatero. "Ndipo nyumbayo ndi yanga."

Ntchito yawo inathera pomwepo. Pobwerera sanandikalipire, anangondilandira mbale za chakudya zija n'kuzinyamula okha, ine ndikuwatsata pambuyo njira yonse. M'mawa mwake anakabweza mpango ku Maganga, wapansi.

Zaka zawo zotsala anazithera kugombe, akusoka maukonde a eni ake ndi zala zimene zinkatupa nyengo yozizira, ndipo anthu ena ankawatcha "a Mpango" iwo akumva. Ine tsiku lililonse ndinkati ndipepesa mawa. Ndinakula, ndinakwatiwa ku Khombedza, ndipo uthenga wa maliro awo unandipeza ndili m'munda.

Lero mdzukulu wanga amagwira ntchito mu ofesi, ndipo amandiseka ndikamakana kulawa zakudya zimene amalonda amamutumizira kunyumba pa Khirisimasi. Amati ndi ukalamba. Nkhaniyi sindinamuuzebe. Mawu opepesa aja akadali m'kamwa mwanga, ndipo agogo oti ndiwapepese kulibe.