Thumba la Mphepo la ku Namitete

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndi bodza laling'ono. Nkhondo ya Jeremani ili mkati, mzungu wina wa esiteti ya fodya kufupi ndi Namitete analambula bwalo la ndege, ndipo kapitawo wake, a Chisale, ankafuna munthu wolisamala. Atandifunsa ngati ndege ndimaidziwa, ndinati, "Kwambiri, bambo." Ndinali nditaionapo kamodzi, ili m'mwamba ngati kabawi.

Ntchito yake inali kutchetcha udzu ndi chikwakwa, kugumula zulu za chiswe, kupirikitsa mbuzi, ndi kuyang'anira thumba la mphepo. Imeneyi ndi nsalu yopepuka, yobooka uku ndi uku ngati mwendo wa buluku, yopachikidwa pamtengo kuti woyendetsa ndege aone kumene mphepo ikuchokera. Ankalidalira kwambiri ndi bwana wamng'ono, mwana wa mzunguyo, amene ankaphunzira kuyendetsa kandege ka anthu awiri.

Thumbalo litang'ambika, a Chisale anandituma kwa telala. Ine ndi chizolowezi changa ndinanenerera mtengo mpaka telala anatopa nane. "Chabwino achimwene, ndikuikirani chigamba cholingana ndi mtengo wanuwo," anatero. Anaika cha chiguduli, n'kusokanso kunsonga, ati thumba lobooka pansi si thumba. Ndinakalipachika ndikudzitama.

Tsiku limene bwana wamng'ono anauluka yekha koyamba, mwera unayamba kuomba chopingasa bwalo. Thumba langa, kulemera, linangoti lende. Iye poona choncho anatsika ngati kulibe mphepo. Ndege inabwera cham'mbali ngati nkhanu, phiko limodzi linapala udzu, injini inabangula, n'kukweranso. Kachiwiri chimodzimodzi.

"Iwe, thumba lija walitani?" anakuwa a Chisale. "Mafuta ndi ochepa mmenemo, munthu afa uyu!"

Koma ine ndinakulira m'balani ya fodya wa chikopa, momwe utsi ndiye ntchito. Ndinathamangira mulu wa udzu umene ndinatchetcha, ndinauyatsa, n'kuunjikapo masamba aawisi monga tichitira pofukiza fodya. Utsi woyera, wochindikala, unagona chopingasa bwalo lonse. Ndege inazungulira kamodzi, kenako inabwera itapendeketsa phiko kumene utsi unkachokera. Inagunda pansi ndi gudumu limodzi, linalo pambuyo, n'kuima.

Bwana wamng'ono anatsika m'ndegemo n'kufunsa kuti, "Wayatsa moto ndani?" Ndinayang'ana a Chisale, poyesa kuti ndi mlandu. Nditaona kuti bwanayo watambasula dzanja kuti athokoze, ndinadumphira kutsogolo: "Ndine, bwana, ine ndemwe!"

A Chisale sanaulule za chiguduli. Anangondinong'oneza kuti, "Mawa ukasoketse lina, ndipo telala akatchula mtengo ukangoti zikomo, wamva eti?"

Ndinasamala bwalolo mpaka nkhondo itatha, ndipo palibe ndege inathyokerapo phiko. Mpaka lero ndimanenerera chilichonse, ngakhale mchere wa pasupuni. Koma chinthu choti munthu adalirepo moyo wake, mtengo woyamba womwewo ndimavomera, mtima ukundiwawa.