Mapiritsi Amene Ndinawamana Achemwali

Pa yadi yathu ku Clermont, ku Joni, mankhwala analibe mwini. Tinali Amalawi okhaokha m'zipinda za kuseri kwa nyumba ya alandilodi, ndipo pawindo la achemwali pankakhala kontena ya ayisikilimu momwe aliyense ankaponyamo zotsala: panado, makapusozi, a chifuwa, ena opanda ndi dzina lomwe. Mutu ukawawa, unkangopisamo dzanja n'kusankha mtundu umene wakusangalatsa. Kukiliniki tinkaopako. Zipolowe zothamangitsa obwera zinali zisanaiwalike, ndipo kumeneko munthu umayenera kutsegula pakamwa, anthu n'kudziwiratu kuti sindiwe wa kuno.

Achemwaliwa sanali a bere limodzi ndi ine. Anali mayi a kwathu ku Mulanje amene anandilandira nditangotsika basi, n'kundipezera ntchito ya m'nyumba ku Pinetown. Ndinagona pamatiresi awo mpaka nditapeza chipinda changa.

Patapita nthawi ndinadwala matenda amene sindinkadziwa kuti ndi matenda. Tulo ayi, chakudya ayi, kulira popanda wondimenya. Abwana anga aakazi atandipeza ndili chiimire ndi ayironi m'manja, misozi ili chuchuchu, ananditengera okha kukiliniki. Adokotala anati ndi dipureshoni, matenda a maganizo, ndipo mankhwala ake alipo. Asisita, anamwino a pamenepo, anandilangiza ngati namwali: piritsi limodzi m'mawa uliwonse, mowa ayi, osasiya pandekha ngakhale nditapeza bwino, osagawirako munthu. Anati padutsa masabata angapo asanagwire, ndipo maganizo ofuna kufa akandibwerera ndithamangire komweko tsiku lomwelo.

Masiku oyamba anali a nseru ndi chizungulire. Ndinawatukwana mapiritsiwo pamodzi ndi amene anawapanga, koma ndinkamwabe. Tsiku lina ndinangodzimva ndikuimba pochapa zovala. Mukontena muja sindinaponyemo ngakhale limodzi. Ndinkawabisa m'sokosi, ngakhale pa yadi ya Amalawi chobisa chimadziwika chisanafike pobisidwa.

Kenako mwana wa achemwali anamwalira kumudzi. Mapepala awo anali atatha, akanapita sakanabwereranso, ndipo ana otsala kumudziwo ankadyera ndalama za kuno. Maliro anangowamvera pafoni. Tinalira nawo, tinaimba, kenako aliyense anabwerera kuntchito. Iwo sanabwerere. Mwezi unatha, wina n'kulowa, ali chigonere atayang'ana kukhoma.

Loweruka lina masana anandiitana.

"Iwe, mankhwala ako aja amene anakudzutsa. Undigawireko."

"Eish, achemwali, amene aja si panado. Adokotala amayamba akuonani kaye."

"Awiri okha."

"Sindingathe."

"Koma pamatiresi anga unatha kugonapo."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinapsa mtima, ndipo ndinachita manyazi, chifukwa kwathu womana wodwala mankhwala timamuyesa mfiti. Pofika madzulo yadi yonse inali itagamula kuti Joni yandilowa m'mutu. Koma ine ndinkakumbukira mmene asisita anandipanikizira ndi mafunso asanandipatse ngakhale limodzi: ndikumwanso chiyani, ndinadwalapo chiyani. Achemwali ankamwa a kuthamanga kwa magazi, kuphatikizapo zitsamba za m'botolo zogula ku Isipingo. Ine wokolopa m'nyumba za eni ndikanadziwa bwanji chimene zingachite zikakumana m'mimba imodzi?

Ndinayamba kupita nawo kuntchito mapiritsiwo, nditawapanira m'kamisolo. Thupi linkakolopa ku Pinetown, mtima uli ku Clermont. Foni ikalira ndinkaithamangira, poopa kuti ndi za achemwali. Tsiku lina pobwera ndinapeza matiresi anga atatembenuzidwa, masokosi ali mbwee pansi, koma palibe chinabedwa. Kiyi wina wa chipindacho ankasunga ndi achemwali.

Ndinalowa kwawo osagogoda.

"Mawa tikupita kukiliniki. Mukakana ndikuberekani kumbuyo, anthu aonerere."

M'mawa ndinawapeza atavala mpango. Mutakisi tinakhala duu ngati anthu osadziwana, kuopa kuti Chichewa chingatuluke. Pamzere ndinawagwira mkono, poopa kuti angasinthe maganizo.

Chizulu chawo chinkathera pa "yebo", Chingerezi n'chosayamba, choncho asisita anati ndilowe nawo ndizimasulira. Anafunsa za tulo, za chakudya, za mankhwala ena amene akumwa, ine n'kumaolotsa mawu uku ndi uku. Kenako anafunsa ngati achemwali anaganizapo zodzipha.

Funso limeneli ine ndinaliyankhapo pampando womwewo, koma kulifunsa munthu wamkulu, amene anakudyetsa, m'chilankhulo cha kwanu, n'chinthu china. Ndinayesa kulizungulira. Asisita anaona, nati ndifunse monga mmene afunsira iwowo.

"Achemwali, akuti kodi munaganizapo zodzipha?"

Achemwali anatembenukira kwa ine.

"Uwauze kuti awiri aja linali bodza. Tsiku limene ndinasanthula m'chipinda mwako ndinkafuna paketi yonse."

Paketiyo inali pachifuwa panga, ikundibaya ndi ngodya yake. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Asisita ankandiyang'ana, kudikira. Ndinamasulira zonse, osasiyako liwu. Iwo anaika cholembera pansi, natuma munthu kukaitana adokotala, n'kukokera mpando wawo pafupi ndi achemwali.