Phula pa Chivundikiro cha Thanki

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale amayi anga ondibereka. Lole imene inatsala pang'ono kundiphetsera mwana pa msewu wa ku Nambuma ndinaiwononga ndine, ndipo amene anaikonza ndinenso. Papita zaka ziwiri, amuna anga sakudziwabe.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangoyamba kuphunzitsa pa kasukulu kena kufupi ndi Kabudula, satifiketi yanga ya uphunzitsi ikadali yatsopano m'sutikesi. Amuna anga ndi dalaivala wa lole ya pa esiteti ya fodya. Loweruka ankabwera nayo kunyumba, thanki atadzaza, chifukwa Lolemba m'mamawa ankakatenga antchito ku Nsaru. Mwana wathu woyamba, wamkazi, anali ndi miyezi isanu ndi iwiri.

Ine nkhawa ndi matenda anga. Chinthu ndikaona kuti sichili bwino, manja amandiyabwa. Loweruka lina mvula itakata, ndikuyanika matewera pafupi ndi lole, ndinamva kafungo ka petulo. Thanki yake ili m'mbali, kuseri kwa chitseko cha wokwera. Nditayang'anitsitsa chivundikiro chake ndinaona kabowo, kakang'ono ngati kobaya ndi singano. Ndinati dzimbiri ladya apa, ndipo mvula ilowa. Amuna anga anali atanenapo kuti madzi akalowa mu petulo galimoto yatha. Kwathu chidebe chikabowoka sititaya, timamata ndi phula. Ndinafewetsa phula pa makala n'kumata kabowoko ndi chala chachikulu, mpaka panasalala. Sindinawauze. Ndinkafuna adzaone okha, adzati mkazi wanga ndi wamaso.

Lamulungu mwana anadzuka thupi lili moto. Pofika masana anayamba kuphiriphitha, maso atatembenuka, timanja titauma. Amuna anga sanafunse kawiri. Anapukusa handulo yolizira injini, ine ndinakwera ndi mwana pamiyendo, tinalunjika ku chipatala cha mishoni ku Nambuma.

Tisanathe mamailosi atatu injini inayamba kutsokomola. Ankaponda mafuta, iyo n'kumangofooka ngati ng'ombe yatopa pa goli, kenako inazima. Anatsika akundilimbitsa mtima kuti injini ilibe ufiti, imafuna zinthu zitatu basi: petulo, moto ndi mpweya, ndipo chimodzi chikasowa munthu amachipeza. Anayamba ndi petulo. Akutsegula chivundikiro chija, ine ndinamva kaphokoso, fyuu, ngati munthu wakoka mpweya m'mano. Iwo maganizo anali pa kamtengo koyezera, phulalo sanalione. Kamtengo kanatuluka konyowa mpaka pamwamba. Ndiye anati vuto ndi moto. Anamasula mapulagi limodzilimodzi, kuwapala ndi mpeni, kuwauzira, kuwabwezera. Atapukusa handulo injini inalira bwinobwino.

"Mapulagi, amayi. Ndinawakayikira kuyambira Lachisanu."

Tinayenda mtunda wonga womwe uja, n'kuyambanso kutsokomola. Tinaima m'mphepete mwa dambo, chimanga cha eni ake chili mbali zonse, popanda ngakhale wa njinga wodutsa. Ulendo uno anagwiragwira mawaya onse, anapeza ali olimba. Kenako anandionetsa kabotolo kagalasi kamene petulo amadutsamo asanafike ku injini. M'kabotolomo munalibe madzi, munalibe zinyalala, koma petulo anali wochepa pansi penipeni. Thanki yodzaza, kabotolo kouma. Anati ndiye kuti paipi yatsekeka. Anaimasula, kuika pakamwa, n'kuuzira mpaka m'thanki munamveka kubwata.

Ndinafunsa kuti ngati inali yotsekeka, bwanji mpweya wadutsa mosavuta chonchi. Anayankha akulavula petulo.

"Aphunzitsi, pano si pa bolodi. Gwirani mwanayo."

Sanali kundinyoza. Anabwezera paipi, anapukusa handulo, injini inaliranso. Koma funso langa linakhala m'mutu mwanga. Kawiri konse lole inadzuka mpweya utangolowa m'thanki: poyamba atatsegula chivundikiro, kachiwiri atauzira paipi. Pamenepo ndinakumbukira chitini cha mkaka. M'mawa uliwonse ndimachibowola ndi msomali mabowo awiri, chifukwa ndi bowo limodzi mkaka umatuluka modukizaduka kenako n'kuima. Ndinali nditaphunzitsako ana m'kalasi zimenezi, kuti bowo lachiwirilo ndi lolowera mpweya. Kabowo kaja sikanali ka dzimbiri. Anakaika dala amene anapanga lole.

Apa ndi pamene pamandiwawa polemba. Ndinadziwa, koma ndinakhala chete. Lole inali ikuyenda kale, ndipo ndinadzinamiza kuti mwina tifika. Choonadi n'chakuti ndinkaopa. Alamu anga ankanena kale kuti mkazi wa satifiketi amadziwa zonse. Ndinaona m'maganizo maliro a mwana wanga, anthu akunong'onezana pa siwa kuti wamupha ndi make, ndi phula.

Kachitatu inazimira pa chitunda. Mwana anali atasiya kulira, ndipo bata limenelo linandiopsa kuposa kuphiriphitha kuja. Amuna anga anaima pang'ono atagwira m'chiuno, kenako anati kwatsala kabuleta, mosakanikirana petulo ndi mpweya, aimasula yonse. Nditafunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji, anati mwina ola. Ndinayang'ana milomo ya mwana, itayamba kutuwa, ndipo mantha aja anandichoka. Ola limenelo tinalibe.

Ndinamubereka kumbuyo n'kutsika ngati ndikufuna kumutonthoza. Iwo mutu unali m'boneti. Ndinapisa dzanja m'chitenje, kumasula phini ya thewera, n'kutsegula chivundikiro. Fyuu uja anamvekanso, ndipo tsopano ndinadziwa chimene akunena. Ndinabaya phula ndi phini, kulikolokosa mkati ndi kunja, mpaka nditakweza chivundikiro ndinaona kuwala kwa dzuwa pa kabowo. Ndinapala lotsala ndi chikhadabo, kutseka, n'kupita kutsogolo.

Ndinawapeza atangomasula kachitsulo kamodzi ka mkuwa, akukauzira. Zina zonse zinali zisanakhudzidwe.

"Bambo, bwezerani kameneko mupukuse kamodzi."

Anati sanathe, akayesa tsopano tikaimanso kutsogoloko.

"Pukusani kamodzi. Ikakana, ine ndiyamba wapansi ndi mwanayu, mundipeza."

Chikwatiranireni ndinali ndisanawayankhulepo motero. Anandiyang'ana, anayang'ana kamutu kolendewera kumsana kwanga, n'kubwezera kachitsuloko. Anapopa petulo ndi chala mpaka kabotolo kaja kanadzaza. Atapukusa kachiwiri injini inalira. Tinakwera chitunda. Tinadutsa mamailosi atatu ine ndikuwerenga mitengo, ndikudikira chifuwa chija cha injini. Sichinabwere. Lole inathamanga mpaka pa khomo la chipatala.

Asisitere anamulandira mwana m'manja mwanga osafunsa zambiri, anamubaya jakisoni, n'kumukulunga m'nsalu yonyowa. Anati ndi malungo aakulu, ndipo anafunsa chifukwa chimene tinachedwera. Amuna anga anayankha kuti galimoto inavuta. Ine ndinangogwira thewera lopanda phini lija. Tinagona kumeneko masiku anayi. Lachinayi mwana anayamwa, ndipo lero akuthamangitsa nkhuku pabwalo pamene ndikulemba.

Amuna anga nkhaniyi amaikonda. Amaifotokoza kwa alendo, kuti kachitsotso kosaoneka ndi maso kanatseka kabuleta, iwo n'kukauzira kamodzi kokha, mwana n'kupulumuka. Akamafotokoza nkhope imawala. Munthu ameneyu anamwa petulo tsiku limenelo chifukwa cha mwana wake, ndipo sindinafune kumulanda kanthu. Ndinkati chinsinsi changa sichipweteka munthu.

Koma mwezi wathawu anabwera dalaivala mnzawo wa ku Mpingu, akudandaula kuti lole yake imayenda pang'ono n'kuzima, ikapuma n'kudzukanso. Amuna anga anamuuza motsimikiza kuti amasule kabuleta, iwo anazionapo. Ine ndinali pakhomo ndi thireyi ya tiyi. Ndinaika makapu pansi n'kunena, ngati zongocheza, kuti ayang'anenso kabowo ka pa chivundikiro, mwina mwalowa matope. Anaseka onse awiri, mlendoyo n'kuti aphunzitsi ayamba umakaniko. Sindikudziwa ngati anakayang'ana. Ndimaganiza za lole imeneyo, ndi amene angakhale atakwera tsiku limene idzazimire pa chitunda.

N'chifukwa chake ndalemba. Pepalali ndikamaliza ndiliika pa tebulo pamene amaikapo makiyi, ndipo sindilichotsa. Za phula ndikudziwa kuti ndinalakwa, za pa dambo paja ndinalakwa koposa. Chimene sindikudziwa ndi cha zaka ziwirizi. Inu amene mwawerenga, makamaka amayi anzanga, tandiuzani: pamene ndinabaya kabowo kaja mwakachetechete n'kuwasiyira bambo a mwana ulemu wawo, kodi ndinachita bwino, kapena ndinangodzitchinjiriza ndekha?