Dzina Lokhota pa Chifuwa

Pa msewu wopita ku msasa wa asilikali, m'tauni yathu ino ya ku Texas, pali kashopu ka mayi Imelda Treviño. Ntchito yawo ndi kusokerera mayina pa chifuwa cha mayunifomu. Ine ndimachapa zovala khomo loyandikana nalo, ndipo makasitomala akasowa ndimakathera nthawi kumeneko.

Chosasowa m'shopumo ndi mkangano wa amuna awo, a Rufino, omwe anakalambira ku zitsime za mafuta, ndi alongo awo a mayiwa, a Leandro, omwe anabwerako kunkhondo akutsimphina. Khofi akangofika m'manja, nkhani ndi yomweyo.

"Alamu, mwendo wanuwo munaupereka chifukwa cha mafuta. Munamvapo kuti tatumiza asilikali ku dziko lolima kabichi?"

"Inu mumanunkha mafuta, n'chifukwa chake mumawaona paliponse. Mkonono mumalizawo, pali wina akukulonderani kutali uko."

Mayi Imelda akafunsidwa mbali yawo ankangoti, "Mafuta omwe ndimawadziwa ine ndi othira makinawa."

Chaka chatha mwana wawo mmodzi yekhayo, Noemí, analowa usilikali, ndipo posakhalitsa gulu lake linauzidwa kuti likupita kunja. Tsiku lomwe anabweretsa yunifomu yake, mkangano unazima ngati moto wothiridwa madzi. Anauutsa ndi mayi Imelda.

"Lero mundiuze, nonse awiri. Mwana wanga akupitira chiyani? Ndikufuna yankho limodzi."

A Rufino anazolika. A Leandro anayamba kusisita bondo. Kunena zoona anandikwiyitsa madodawa, zaka zonsezi kulongolola, lero pakamwa gwa.

Dzina linasokedwa, koma lokhota, ndipo mkulu wa gulu anabweza yunifomuyo. Noemí atabweranso, amayi ake anamasula ulusi pang'onopang'ono, n'kumuphikira, n'kucheza naye mpaka dzuwa kupendeka. Dzina linakhotanso. Tonse pamsewupo tinadziwa kuti vuto si maso, koma palibe anayerekeza kunena.

Itabwezedwanso, Noemí anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi makina.

"Amayi, ndege ikunyamuka Lachisanu. Likhote, liwongoke, ndipitabe. Koma sindikufuna anzanga aziti mayi anga sadziwa kusoka."

Mayi Imelda anaika yunifomuyo pa makina. Kenako anapukuta magalasi, n'kusoka mzere wowongoka bwinobwino. Anadula ulusi ndi mano, n'kupinda yunifomuyo.

"Ndalimbitsa kwambiri," anatero. "Wina sangathe kulimasula. Udzabwere nalo kuno, ndidzachotse ndekha."