Kusankha utali wa masewera

Kalata ija inakhala m'chikwama changa cha ku ntchito milungu itatu. Inachokera kwa anthu amene ankatenga manesi kupita nawo ku Mangalande, ndipo inkangodikira kuti ndisaine. Lolemba linali tsiku lomaliza kuitumiza. Amuna anga anaiwerenga kawiri, n'kuipinda bwinobwino, n'kunena kuti, "Zili kwa inu, mayi." Ine sindinkafuna kuti zikhale kwa ine. Ndinkangofuna anene kuti musapite, ndipo akananena ndikanaing'amba pomwepo.

Zaka zimenezo ndinkagwira ntchito pa chipatala ku Makwasa, iwo ali wachiwiri kwa mkulu wa fakitale ya tiyi pa esiteti ina. Tinkakhala m'nyumba ya kampani, yozizira, yozunguliridwa ndi tiyi mbali zonse. M'dzinja, masamba akachuluka, fakitale inkawameza amuna anga, ine n'kumangoona nsapato zawo zamatope pakhonde. Inenso ndinali nditatopa mpaka m'mafupa. Anzanga ambiri anali atapita kunja, ntchito yawo n'kutsalira ife. Tsiku lokhalo limene tinkakhala ngati banja linali Lamlungu la nyengo yozizira, tiyi atamudulira.

Malamlungu amenewo tinkathera pa kompyuta yawo yakale. Munali masewera omanga dziko. Umayamba ndi anthu ochepa m'tchire, kenako umamanga midzi, kulima, kukumba zitsime, kupalana ubwenzi kapena kumenyana ndi mafumu ena. Anthu awiri ankatha kusewera pa kompyuta imodzi mosinthana, aliyense ndi dziko lake. Musandiseke, ndinkawakonda. Iwo ankakonda misewu ndi asilikali, ine nkhokwe, ndipo asilikali awo akayamba kufa ndi njala ankabwera kudzandipempha chimanga mwaulemu kuposa mmene anandifunsira ukwati.

Sabata imeneyo mnzawo wa ku Limbe anali atawapatsa sidi ya zowonjezera, zimene iwo ankazitcha modi. Akuti akatswiri ena anawakonzanso masewerawo, n'kuikamo chilala, dzombe, miliri ndi zina zambirimbiri. Koma zinali ndi lamulo lake: zonse uzisankhiretu poyamba, chifukwa ukangoyamba sungasinthenso kanthu. Lamulolo linawasangalatsa kwambiri. Ndi mmene ankagwirira ntchito ku fakitale. Ankayamba aona masamba, kuwafinya m'manja, kuwanunkhiza, kulingalira maola owafotetsa, chifukwa masamba akalowa m'makina sabwereranso.

Lamlungu lija kunali chiperoni. Titachoka ku tchalitchi ananditengera mpando wa pa tebulo lodyera, n'kuuika pafupi ndi wawo.

"Dziko likhale lalikulu bwanji, mayi?"

"Lililonse."

"Ayi, zimenezi n'zofunika. Likachepa timapanikizana ndi adani."

Tinasankha lalikulu. Kenako adani angati, okwiya bwanji, mitsinje yambiri kapena yochepa, zilumba kapena mtunda umodzi. Chilichonse ankayamba awerenga mawu ake onse mokweza, chala chili pa galasi la kompyuta. Ola linatha tisanaone ndi mudzi umodzi womwe. Mumtima ndinkati, bambo inu, mawa ndi Lolemba, ndipo mukundifunsa za zilumba!

"Chilala tiike?"

"Ikani."

"Nanga miliri?"

"Imeneyo chotsani. Ndimakhala nayo sabata yonse ku wodi, ndidzaipezenso kunyumba?"

Anaseka, n'kuichotsa. Dzombe analisiya, ati dziko lopanda vuto silikoma.

Kenako tinafika pa utali wa masewera. Panali aafupi, otha Malamlungu awiri kapena atatu. Panali apakati, panali aatali, ndiye panali ena amene modi ija inawonjezera, aatali kwambiri, oti kumanga nkhokwe imodzi yokha ungamere nayo imvi. Apa anasiya kuwerenga mokweza. Ananena chapansipansi kuti otsirizawo, posewera Lamlungu lokha ngati ife, angatitengere zaka ziwiri, mwina zitatu. Tonse tinkadziwa kuti ndikasaina ndinyamuka pasanathe miyezi itatu.

Iwo anatsitsa kamuvi kosankhira ka pa galasi pang'onopang'ono, kudutsa aafupi, kudutsa apakati, n'kukadina pa aatali kwambiri aja.

Mtima wanga unagunda ngati wa namwali. Ndinati basi, anena. Munthu uyu pakamwa ndi polemera, koma wanena m'njira yake. Ndinafuna kuwagwira phewa, ndinachita manyazi, ndinangokonza juzi yanga. Ndinasangalala, ndisaname, ndipo kutopa konse kunayamba kutsika.

Panatsala tsamba limodzi, losonyeza woyendetsa dziko lililonse, kaya munthu kaya kompyuta. Pa dziko lawo panalembedwa munthu, pa langa munthu. Anapita pa langa n'kusintha, kuika kompyuta.

"Mwatani pamenepo, bambo?"

"Ndaganiza kuti mukapita, dziko lanu lisaime. Liziyenda lokha, ine ndizikhala ndi neba. Musamakade nkhawa za ine kumeneko. Mwavutika mokwanira pano, mayi."

Ananena mokoma mtima, ndipo n'zimene zinandipweteka kwambiri. Akanakhala kuti akalipa, bwenzi nditakalipa nawo, nkhani n'kutuluka. Koma munthu wokupatsa ulemu umayambana naye bwanji? Kwathu tinaleredwa kuti mkazi sapempha mwamuna kuti amukanize chinthu, ndipo iwo kwawo anaphunzira kuti mwamuna wabwino satsekereza mwayi wa mkazi wake. Aliyense anakhala pa ulemu wake.

"Tikayamba, mungadzabwezeretsenso kuti akhale munthu?"

"Modi imeneyi siilola. Tikayamba tayamba."

Kamuvi kanali pa batani loyambira, koma sanadine. Anakhala choncho nthawi yaitali, maso ali pa galasi. Lero ndimadziwa kuti ankadikira kuti ndinene kuti bwezerani, monga mmene ine ndinkadikirira iwo. Mawu oti ndinene anali aafupi. Koma ndinali nditadikira milungu itatu, ndinali nditakwiya, ndipo mphamvu zoyamba ine kupempha ndinalibe.

"Dinani," ndinatero.

Anadina. Dziko linatseguka, lobiriwira, lalikulu monga tinasankhira. Iwo anayendetsa anthu awo, n'kumaliza gawo lawo. Itafika nthawi yanga, palibe anandisunthira kibodi. Anthu anga ananyamuka okha, n'kusankha malo pafupi ndi mtsinje, n'kuyamba kumanga. Malowo anali abwino ndithu, amene inenso ndikanasankha.

Ndinaonerera kanthawi, manja ali pamiyendo. Kenako ndinanyamula mpando wanga kuubweza pa tebulo lodyera, ndipo kalata ija ndinaisainira pomwepo, iwo atandifulatira.