Chipinda Chopanda Zenera cha aNangozo

Inu amene munauzidwapo kuti mulibe mutu, khalani pansi ndikuuzeni za Edness.

Chaka cha 1995 chinamuonetsa zakuda. Mu Malichi analephera mayeso a unesi kachitatu. Mu Epulo mayi ake, aNangozo, amene ankakhala nawo m'kanyumba ka lendi ku Lanham, kutsidya kwa nyanja, anadwala sitiroko, mwendo wamanzere n'kufooka. Edness ankagwira ntchito yosambitsa ndi kutembenuza nkhalamba za eni panyumba ina yosungira okalamba. Akaweruka, ankakayambanso ntchito yomweyo kwawo.

Mchimwene wake wamkulu, Gresham, ankagwira ntchito kubanki yaikulu ku Foggy Bottom. Anali munthu wa tayi, wozolowera kuti akalankhula ena azingovomera.

"Amayi akufunika anthu ophunzira," anatero. "Tiwapezere malo kosungira okalamba. Iwe ngakhale mayeso akukukanika."

Mawu amenewa anamulasa Edness mumtima, moti anakalirira kubafa. Koma anakana kwamtuwagalu. Malo oterowo ankawadziwa kuposa aliyense. Anali ataona kuti munthu akangomukhazika pachikuku, miyendo imaiwala ntchito yake.

Choncho tsiku ndi tsiku ankawatulutsa mayi ake m'khonde la m'kati mwa nyumbayo, atagwira chitsulo choyendera. Tsiku loyamba anayenda mapazi atatu, basi.

"Ndisiye, mwanawe. Ndatha ine."

"Simunathe, amayi. Ena awiri okha."

Mapaziwo ankawalemba pa kalendala ya kutchalitchi. Panali masiku okangana, masiku olira, masiku amene aNangozo ankamutchula kuti kapitawo. Patatha zaka ziwiri, mapazi anafika makumi asanu ndi limodzi. Akangopyola pamenepo, mwendo unkayamba kunjenjemera.

Mu 1997 aNangozo ankakwanitsa zaka 75, ndipo Gresham anati awatengere paulendo wa sitima yapamadzi, kuchoka ku New York kupita ku Bermuda. Tisamunamizire, mayi ake ankawakonda. Kungoti mphatsoyo inabwera ndi mchira.

"Akangogwa paulendowu, nkhani yatha," anatero. "Tikabwerako, akupita kosungira okalamba, ndipo iwe usadzanenenso kanthu."

Loweruka lina Gresham ndi Edness anapita ku Falls Church, kuofesi ya Mutinta, mayi wa ku Lusaka wogulitsa matikiti a maulendo. Mutinta anayala mapu a sitimayo patebulo. Gresham sanachedwe, chala tho, pamwamba penipeni, kutsogolo, pachipinda cha zenera lalikulu.

Mukudziwa mmene tinaleredwera. Wamkulu amakhala kutsogolo m'galimoto, kutsogolo m'tchalitchi, patebulo lapamwamba paukwati. Kwa Gresham, ulemu unali umenewo.

"Amayi anga sangagone pansi ngati matumba a chimanga," anatero.

Edness anapisa m'chikwama, n'kutulutsa kachingwe kamene anayezera kukula kwa chitsulo choyendera chija. Anafunsa ngati chitsulocho chingalowe pakhomo la chipindacho. Anafunsa ngati kubafa kuli pogwirira. Kenako anafunsa kuti kuchokera pamenepo kukafika kodyera ndi mapazi angati. Mutinta anawerenga zitseko pamapu, anaimba lamya, n'kuyankha kuti akuposa mazana awiri, ngakhale utakwera chikepe.

"Nanga sitimayi imagwedera kwambiri pati?"

"Pamwamba na kutsogolo, ba sisi," anatero Mutinta m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Monga mipando ya kumbuyo mu basi. Pakati na pansi ndiye pamankhala bwino."

Edness analoza pansi, pakati pa sitima, pachipinda cha khomo lalikulu ndi bafa la pogwirira. Kuchoka apo kukafika kodyera anali mapazi ngati makumi asanu ndi asanu, popanda masitepe. Zenera ndiye kunalibe.

"Chopanda zenera?" anatero Gresham. "Anthu akamva adzati chiyani?"

"Anthuwo sadzabwera kudzawadzutsa akagwa."

"Ukundiyankha ine?"

Edness anamva mantha, pakuti chibadwire anali asanatsutsepo mchimwene wake pamaso pa mlendo. Koma sanaweramitse mutu.

"Ndikukuyankhani, achimwene. Mayeso ndinalephera, inde, katatu konse. Koma mapazi a amayi ndawawerenga zaka ziwiri. Inuyo mukudziwa kuti amayenda angati?"

Gresham anayang'ana mapu, anayang'ana Mutinta. Pomaliza anati, "Chabwino. Koma zikavuta, ndi mlandu wako." Chipinda chapamwamba chija anadzitengera yekha, poti akuti sichingapite pachabe.

Tsiku lachiwiri la ulendo, lomwe linali tsiku lobadwa la aNangozo, nyanja inakalipa. Anthu ankayenda m'makonde akugwira makoma ngati aledzera. Kuchipinda chopanda zenera kuja kunkangogwedera pang'ono, moti aNangozo anasamba bwinobwino, n'kuvala chilundu chawo chobiriwira, duku ali nga.

Nthawi ya chakudya itakwana, kunamveka kugogoda. Anali Gresham, wopanda tayi, nkhope ili mbuu, atasanza tsiku lonse kumwamba kwake kuja. Ankakankha chikuku chimene anabwereka kwa antchito a m'sitima, koma ukayang'anitsitsa, chikukucho ndicho chinkamugwirizira iye.

"Amayi, kwerani. Lero si tsiku loyenda."

ANangozo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ukwerepo ndiwe, mwananga. Ukuoneka kuti wadwala."

Anagwira chitsulo chawo, ulendo. Edness ankatsatira pambuyo akuwerenga chamumtima. Khumi. Makumi awiri. Makumi anayi. Pa phazi la makumi anayi ndi asanu ndi atatu, sitima inapendekeka. Mwendo wamanzere unagwedera, chitsulo chinatsetsereka pang'ono. Edness anatambasula manja.

"Usandigwire," anatero aNangozo.

Sanawagwire. Anangoimika manja m'malere kumbuyo kwawo, monga ankachitira m'khonde la ku Lanham. ANangozo anapuma, anakonza chitsulo, n'kuponya phazi. Lina. Linanso. Atafika patebulo anakhala pansi okha, n'kukonza duku lawo.

Gresham anafika pambuyo ndi chikuku chopanda munthu. Kenako anafunsa mlongo wake motsitsa mawu, "Anali angati?"

"Makumi asanu ndi asanu, achimwene."

"Ndipo asanu atsala," anatero aNangozo. "Ndawasungira mawa."

Edness analira, koma ulendo uno sanakabisale kubafa. Nkhani yosungira okalamba ija inafera patebulo pomwepo, ndipo aNangozo anabwerera ku Lanham, kunyumba kwa mwana wawo.

Tsono inu amene mukuwerenga, mwina pepala linakukanani, mwina abale anu anakuikani pansi m'chipinda chopanda zenera. Pali chinthu chimene mwachigwira ndi manja anu tsiku ndi tsiku, chimene a matayi sakuchidziwa. Chineneni mutu uli m'mwamba, ngakhale mawu akunjenjemera. Musafooke, ndipo musalole munthu akukhazikeni pachikuku miyendo muli nayo. Ponyani phazi lina.