Dothi la Pasiteshoni

Bambo atamwalira, pempho langa la viza yatsopano linali lisanayankhidwe. Odziwa malamulo anandichenjeza kuti ndikangotuluka m'dziko muno pempholo lafa, ndipo ntchito yanga yosamalira okalamba ku Dudley yathera pomwepo. Choncho kumaliro kwathu anapita okha achimwene, amene nawonso ankakhala kuno. Ine ndinangowaperekeza pasiteshoni ya sitima mu Birmingham.

Tinafika msanga kwambiri. Anthu anali piringupiringu, masutikesi kugundana, zimkuzamawu zili pakamwa yasa. Pokhala panalibe. Chapakati tinaona kamunda kotchingidwa ndi magalasi, ndipo tinalowa kuti tingopumako phokoso.

Mkatimo munali motentha, mwachinyontho, mukununkhira ngati kudimba m'mamawa. Munali timitengo tambiri tachilendo, koma pakona panali nthochi, yobzalidwa mumphika waukulu, masamba ake atapindika chifukwa chogunda denga. Tinakhala pabenchi pansi pake. Kunja kwa galasi anthu ankangothamanga, aliyense ndi kolowera.

"Ndikawauze chiyani amayi?" anafunsa achimwene.

"Mukawauze kuti mapepala."

"Zamapepalazo akudziwa kale. Ndikunena mawu ako, iweyo."

Ndinayang'ana chitseko, ndinayang'ana denga. Kenaka ndinapisa dzanja mumphika muja n'kutapa kadothi kodzaza zala zitatu.

"Mukandiponyereko m'manda," ndinatero. "Mukanene kuti ndi dzanja langa."

"Iwe, dothi la eni ake limenelo. Nanga akakandifunsa ku eyapoti?"

Mayi wina wachizungu wovala yunifolomu, amene ankathirira maluwa, anali atandiona. Anabwera molunjika, ine ndikuganiza kuti nkhani ikafika kwa apolisi viza ija yapita. Ndinayamba kupepesa, Chingerezi chikuthawa m'kamwa. Achimwene ndiwo anafotokoza. Mayiyo anatulutsa kaenvelopu kosungiramo mbewu m'thumba la epuloni, n'kukatsegula kuti ndithiremo. Achimwene anakalowetsa m'thumba la jekete, chakumtima.

Nthawi itakwana tinapita pageti. Iwo anagunditsa tikiti pamakina, zitseko zinatseguka, n'kutsekekanso pamaso panga. Ndinawaona akutsika masitepe mpaka chipewa chawo chinazimirira.

Ndinabwerera pabenchi paja. Sindinafune kupita kuchipinda kwanga, ndiponso kwina kopita kunalibe. Foni inalira. Anali amanijala a kuntchito kwanga, ati wina wadwala, kodi ndingabwere kudzagwira shifiti yake Lachinayi? Lachinayi ndilo linali tsiku loika maliro. Ndinavomera, poti dzina la kampani yawo ndi limene linali pa pempho langa.

Lachinayilo masana ndinkamwetsa supu nkhalamba ina ya ku Tipton yomwe inkanditchula dzina la mwana wake. Foni inkanjenjemera m'thumba, abale akuyesa kundionetsa pavidiyo mwambo wa kumanda. Ndinapitiriza ndi supuni mpaka mbale inatha, ndinaipukuta pakamwa, kenaka ndinakadzitsekera m'chimbudzi. Nditaimbanso, anthu anali akubwerera kale kumudzi.

Viza inatuluka patatha miyezi iwiri.